Kawedzedwe ka walleye ndi salmon pa boti m'nyanja zikuluzikulu za ku North America

Nsomba ziwirizi zimapezeka m'nyanja zomwezomwezo, zisanu zija za m'dera la malire a Canada ndi United States, koma khalidwe lawo n'losiyana kutalitali. Walleye amakonda kufupi ndi pansi, kamdima, ndi nyambo yoyenda mwaulesi. Salmon amangoyendayenda pakati pa madzi akuya, kutsata kuzizira, ndipo nyambo yake iyenera kuthamanga. Msodzi watsopano amathera ndalama pogula nyambo za mitundu yonse, chonsecho zimene zimapha nsomba kumeneko ndi zitatu: kuya kumene nyambo ikuyenda, liwiro lake, ndi kuzizira kwa madzi a pamalopo. Mtundu wa nyambo umabwera pambuyo.

Musanatsitsire boti m'madzi

Yambani ndi chiphaso. Boma la chigawo chilichonse limagulitsa chake, ndipo cha ku Ohio, ku United States, sichigwira ntchito m'madzi a chigawo cha Ontario, ku Canada, ngakhale nyanja ndi imodzi yomweyo. Malire amadutsa pakati pa Lake Erie, ndiye yang'anirani GPS. Ku Ontario pamafunika Outdoors Card pamodzi ndi chiphasocho, ndipo n'koletsedwa kulowetsa m'chigawocho tinsomba tamoyo kapena misundu yamoyo yochokera kunja kuti ikhale nyambo. Ku Wisconsin wofuna salmon amagulanso sitampa yapadera. Chiwerengero cha ndodo nacho chimasiyana: ku Michigan munthu mmodzi amaloledwa zitatu. Ku Ohio walleye wosakwana mainchesi 15, omwe ndi masentimita 38, amabwezedwa m'madzi. Malamulowa amasinthidwa, choncho werengani kabuku ka chaka chimenecho.

Jekete loyandamitsa valani, osangoliika pansi pa mpando. Mu Epulo madzi amakhala ozizira moti munthu akagwamo manja amauma pa mphindi zochepa. Wailesi ya VHF, yolankhulirana pa nyanja, ikhale pa tchanelo 16 choitanirapo thandizo pangozi. Lake Erie ndi wosaya, mbali yake ya kumadzulo imangofika mamita 7 kapena 8 m'malo ambiri, ndipo madzi osaya amautsa mafunde aafupi, othithikana, mphepo ikangowomba. Boti laling'ono libwerere kumtunda mafunde asanayambe kuyera pamwamba.

Walleye: yambani ndi diso lake

Kuseri kwa diso la walleye kuli kachikopa konyezimira kamene kamabweza kuwala, ngati ka m'diso la mphaka. Amaona bwino pamene tinsomba timene amadya tikuvutika kuona, ndipo kuwala kwambiri kumamuthawitsa. Nthawi zake ndi m'bandakucha, kachisisira, usiku, tsiku la mitambo, ndiponso pamene kamphepo kakugwedeza pamwamba pa madzi. Tsiku la bata, dzuwa lili paliwombo, mufuneni pakuya kapena m'madzi a matope pang'ono.

Amaswana madzi akafika madigiri 6 mpaka 10, cha kumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo. Ena amakwera mitsinje ya Maumee ndi Sandusky ku Ohio, ena Detroit River, ena amaikira pa miyala ya pansi pa nyanja pafupi ndi Port Clinton. Kukamatentha, akuluakulu ambiri amasamukira kummawa, kumadzi akuya ndi ozizira. Malo amene anapha nsomba mu Epulo akhoza kukubwezani chimanjamanja mu Ogasiti popanda cholakwa chilichonse pa nyambo yanu.

Njira yoyamba, ya madzi ozizira: jig

Jig ndi mbedza yokhala ndi mutu wa mtovu. Tengani ndodo yaifupi, ya mamita pafupifupi 2, yolimba koma ya nsonga yomva msanga. Chingwe chikhale choluka, cha mapaundi 10 (kulemera kumene chimapirira chisanaduke), ndipo kumapeto lumikizani mita imodzi ya chingwe cha fluorocarbon, chimene sichioneka bwino m'madzi. Choluka sichitamuka, n'chifukwa chake chimakuuzani zonse zochitika pansi.

Kulemera kwa jig kumatsata kuya ndi mphamvu ya madzi. Pa nyanja yabata, mamita 3 mpaka 6, magalamu 4 mpaka 10 akwanira. Mu Detroit River, mmene madzi amakoka, pamafunika magalamu 18 mpaka 28. Lamulo lake ndi ili: sankhani yopepuka kwambiri imene mukuimvabe ikagunda pansi. Kolekani kansomba ka nyambo kudzera kukamwa, kapena kanyambo ka pulasitiki kofewa.

Tsitsani mpaka chingwe chikhwefuke. Kulungani pang'ono kuti chiwongoke. Kwezani nsonga ya ndodo masentimita 20 kapena 30, kenako itsitseni pa liwiro lomwe jig ikumira nalo, chingwe chisakhwefuke. Apa ndi pamene ambiri amataya nsomba, pakuti walleye amakonda kuigwira ikamatsika. Simumva kukoka ayi. Mumangomva kakugogoda kamodzi, kapena pokweza mumapeza kalemera ngati mwakola udzu wonyowa. Kolani pomwepo ndi dzanja lachangu, osati ndi thupi lonse.

Mumtsinje, chingwe chiyenera kuima chilili pansi pa nsonga ya ndodo. Mphepo imakankha boti pa liwiro lina, madzi amatenga jig pa liwiro lina, ndiye chingwe chimapendekeka ndipo jig imayamba kukhwekhwereza m'miyala. Lozetsani mutu wa boti kumene mphepo ikuchokera, ndipo ndi kainjini ka magetsi muzilondola chingwe chanu mpaka chiime. Ngati nsomba zikungoluma mchira wa nyambo n'kusiya, onjezani kambedza ka mano atatu pa kachingwe ka masentimita 5 kumbuyo kwa mbedza yaikulu.

Njira yachiwiri, madzi akafunda: bottom bouncer ndi nyongolotsi

Bottom bouncer ndi waya wopindika ngati nambala 7, wokhala ndi mtovu pa mwendo wautali. Mwendowo ndi umene umakhudza pansi, nyambo n'kumayenda pamwamba pa miyala osakodwa. Kulemera kwake: magalamu 28 pa mamita 3 alionse a kuya. Pa mamita 6 ikani ya magalamu 56, pa mamita 9 ya magalamu 84.

Ku dzanja lalifupi la wayayo mangani chingwe cha mita imodzi kapena imodzi ndi theka, chokhala ndi kachitsulo kozungulira, mikanda ingapo ndi mbedza ziwiri zotsatana. Mbedza yakutsogolo ilowe pamphuno penipeni pa nyongolotsi, yachiwiri chapakati, ndipo nyongolotsiyo ikhale yowongoka. Ikapindika imazungulira ngati chopukusira n'kupota chingwe chonse.

Yendetsani boti kaye, kenako tsitsani. Liwiro likhale mailo imodzi mpaka imodzi ndi theka pa ola, kutanthauza makilomita 1.6 mpaka 2.4. Musanatsitse, ikani nyambo m'madzi pambali pa boti muone ngati kachitsuloko kakuzungulira. Masulani chingwe mpaka waya ugunde pansi, dikirani masekondi angapo kuti liwiro liukweze, masulaninso mpaka ugunde kachiwiri, basi tsekani. Chingwe chipendekeke theka la pakati pa kuima ndi kugona. Chikagona kwambiri ndiye kuti mtovu wachepa kapena mwamasula chambiri, ndipo waya ukugona chammbali m'malo moyenda choimirira. Nsomba ikagwira musatsomphole. Isiyeni ipinde ndodo, kenako kokerani kutsogolo mofatsa.

Njira yachitatu, ya nyanja yotakata

M'chilimwe walleye a mu Lake Erie amachoka pansi n'kumatsata magulu a tinsomba pakati pa madzi. Chiyambire pamene tinkhono totchedwa zebra mussel tinapezeka mu Lake St. Clair mu 1988 n'kufalikira, madzi anayera chifukwa timasefa zakudya zoyandama, ndipo nsomba za pamwamba zimathawa mthunzi ndi phokoso la boti. Mankhwala ake ndi planer board, kabolodi koyandama kamene kamatengera chingwe kutali chammbali.

Pamafunika chokulungira chingwe chokhala ndi kauntala yowerenga mafiti amene mwamasula. Popanda iyo simungabwereze zimene zagwira ntchito. Onani pa fish finder, chipangizo choonetsa zimene zili pansi pa boti, kuya kumene nsomba zili, ndipo nyambo iyende mita imodzi pamwamba pawo. Walleye amakwera kukagwira, satsikira nyambo yodutsa pansi pake. Crankbait iliyonse, kansomba kabodza ka mlomo wautali kaja, ili ndi kuya kwake molingana ndi kutalika kwa chingwe, ndipo opanga amapereka manambala ake. Masulani chingwe chofunikacho, panikizani kabolodi pa chingwe, kenako masulaninso kuti kapite kumbali. Yambani ndi kakutali, nyambo yake ikhale yosamira kwambiri. Koyandikira boti kanyamule yomira kwambiri. Mukatero nsomba yogwidwa kunja imadutsa pamwamba pa zingwe zamkati osazikola.

Madzi ozizira, yendani mailo imodzi mpaka 1.5 pa ola. Akafunda, 1.8 mpaka 2.5. Kabolodi kakabwerera m'mbuyo kusiya mzere wa anzake, pali nsomba. Kulungani mosadukiza, mnzanu achotse kabolodiko kakafika pa boti, chingwe chili chokoka ndithu. Nyambo iliyonse iyambe pa kuya kwakekwake, ndipo imodzi ikagwira kawiri, sinthani zinazo zifanane nayo.

Walleye wochokera pakuya kopitirira mamita 9 kathumba kake ka mpweya kamatupa pokwera, ndipo ngakhale mumubweze nthawi zambiri sapulumuka. Pakuya kotero iphani zimene mudye, zikakwana sunthani.

Salmon: mlendo amene anabwera kudzadya mlendo mnzake

Wochokera ku Malawi asasokonezeke ndi mpasa, amene Azungu amamutcha lake salmon chifukwa nayenso amakwera mitsinje ngati Bua kukaswana. Mpasa ndi mbale wa sanjika ndi usipa, alibe ubale ndi salmon.

Salmon amene amawedzedwa kwambiri mu Lake Michigan ndi Lake Ontario ndi ochokera ku Pacific. Boma la Michigan linathira mtundu wotchedwa coho mu 1966 ndi wotchedwa chinook mu 1967, pofuna kuchepetsa alewife, kansomba kasiliva kamene kanalowa m'nyanjazi n'kuchulukana mpaka kumafa milumilu m'magombe. Mbiriyi ili ndi ntchito kwa msodzi. Chinook amadya alewife pafupifupi yekhayekha, moti alewife atatha mu Lake Huron cha m'ma 2004, usodzi wa chinook kumeneko unagwa nawo. Mukapeza alewife mwapeza chinook, ndipo nyambo yanu iyenera kufanana naye: yopyapyala, yonyezimira, masentimita 9 mpaka 12.

Kuwasiyanitsa n'kosavuta. Chinook ali ndi nkhama zakuda ndi madontho pa mchira wonse. Coho nkhama zake n'zotuwa, madontho ali kumtunda kwa mchira kokha.

Kupeza madzi ake

M'chilimwe nyanja imagawika. Pamwamba pamakhala madzi ofunda, pansi ozizira kwambiri, ndipo pakati pali lamba wopyapyala pamene kutentha kumatsika msanga. Chinook amakonda madigiri 7 mpaka 12, m'munsi mwa lambayo. Mu Meyi ndi Juni akhoza kukhala mamita 10 okha kuchokera pamwamba. Mu Ogasiti mukhoza kumufuna pa mamita 20 mpaka 35. Lambayu sakhala malo amodzi. Mphepo ikakankhira madzi ofunda kutali ndi gombe kwa masiku angapo, ozizira amakwera m'mbali ndipo nsomba zimafika pafupi. Ikatembenuka, ofunda amaunjikana kugombe ndipo muyenera kupita kutali ndi pakuya. Kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala akuluakulu amasonkhana pa matsiriro a mitsinje, monga ku Manistee ndi Ludington ku Michigan kapena pa Salmon River pafupi ndi Pulaski ku New York. Pamenepo amapirira madzi ofunda, koma amakhala atasiya kudya, ndipo amagwira nyambo mwaukali chabe.

Fikani pamalo kusanache. Ola loyamba la kuwala limapha nsomba zambiri kuposa masana onse.

Kutchera downrigger

Downrigger ndi chitsulo chomangirira kumbuyo kwa boti, chokhala ndi waya ndi mpira wa mtovu wa makilogalamu 4.5 mpaka 7. Ndodo ikhale yofewa, ya mamita 2.5, chokulungira chonyamula mamita 270 kapena kuposa a chingwe cha mapaundi 20 mpaka 30.

Boti likuyenda, masulani nyambo kumbuyo. Kachitsulo konga supuni kapite mamita 6 mpaka 15. Ngati nsomba zili pamwamba, talikitsani. Zikakhala pakuya, fupikitsani. Panikizani chingwe mu kachopanira ka pa mpira. Tsitsani mpirawo pang'onopang'ono, chala chili pa chokulungira kuti chingwe chisasokonekere. Mukafika pa kuya kofunika, ikani ndodo m'chogwirira chake n'kukulunga mpaka ipinde ngati uta. Nsomba ikagwira, chingwe chimasomphoka pa kachopanira, ndodo imadzuka n'kupindanso.

Kachopanira kakakhwefuka, chingwe chimasomphoka chokha ndipo mbedza silowa. Kakathina kwambiri, kansomba kakang'ono kamakodwa osakasomphola, inu n'kumakakhwekhwereza ola lathunthu, nyambo yosagwira ntchito. N'chifukwa chake ndodo iliyonse muziiona pakatha mphindi 20 kapena 30. China chonyenga ndi kauntala ya waya. Madzi amakankhira mpira m'mbuyo, ndiye kauntala ikamanena mamita 30 mpirawo umakhala pamwamba pa pamenepo, makamaka ukakhala wopepuka kapena boti likathamanga.

Nyambo ina yamphamvu kwa chinook wamkulu ndi flasher ndi ntchentche yabodza. Flasher ndi kabolodi konyezimira ka masentimita 20 kamene kamazungulira, ndipo ntchentcheyo imamangidwa masentimita 55 mpaka 60 kumbuyo kwake pa chingwe cholimba cha mapaundi 40 kapena 50. Kulimba kwa chingwecho ndi kumene kumapatsira ntchentche kugwedezeka kwa flasher. Chofewa kapena chachitali kwambiri chimaisiya ikungotsatira ngati yakufa. Flasher ikhale pafupi ndi mpira, mamita 3 mpaka 8. Kusanache gwiritsani zowala mumdima, mutaziunika ndi tochi. Dzuwa likakwera, zobiriwira ndi zasiliva.

Zingwe za m'mbali

Dipsy Diver ndi kambale kamene kamamira kokha kakamakokedwa. Pansi pake pali kachitsulo kotembenuza, ka manambala 0 mpaka 3 mbali zonse ziwiri. Pa 0 kamamira molunjika kumbuyo, pa 3 kamapita kutali chammbali koma sikamira kwambiri. Onetsetsani kuti ka kumanja mwakalozetsa kumanja. Mukasemphanitsa kamadutsa pansi pa boti n'kukola zonse. Chingwe chake chikhale cha waya kapena choluka cha mapaundi 30, chifukwa chotamuka sichingakamasule kali pakuya. Pakati pa kambaleko ndi nyambo ikani kamphira kochepetsa kutsomphola, ndi chingwe chosapitirira kutalika kwa ndodo, apo ayi nsomba sifika pa ukonde. Masulani pang'onopang'ono, buleki ya chokulungira ikugwira pang'ono. Mukangokataya kamagubuduzika n'kudzikulunga.

Kutali kwambiri ndi boti kumapita lead core, chingwe cha mtovu m'kati, chimene chimasintha mtundu pa mayadi 10 alionse. Mtundu umodzi umamiza nyambo pafupifupi mita imodzi ndi theka, choncho mitundu 10 imafika cha pa mamita 15. Chimamangidwa pa planer board, ndipo ndi chimene chimapulumutsa tsiku dzuwa likakwera nsomba zitayamba kuopa boti.

Boti la anthu awiri liyambe ndi ndodo zinayi: ma downrigger awiri ndi ma Dipsy awiri. Kuchulukitsa ndodo manja asanazolowere kumangotha m'kumasula mfundo.

Liwiro

Salmon amafuna mamailo 2.2 mpaka 3 pa ola, makilomita 3.5 mpaka 4.8. Koma GPS imanena liwiro la boti, pomwe pansi pali madzi oyenda njira yawoyawo. Mukhoza kumaona 2.5 chonsecho nyambo ikungolendewera, kapena ikuzungulira mopenga. Kachipangizo ka Fish Hawk, komangirira pamwamba pa mpira, kamatumiza liwiro ndi kuzizira kwa pansipo, ndipo pa zida zonse zodula ndi kamene kamabweza ndalama zake msanga. Ngati mulibe, yang'anani kupendekeka kwa waya wa downrigger ndi kupinda kwa ndodo ya Dipsy panthawi imene nsomba yagwira, ndipo muzibwezeretsa maonekedwe omwewo mbali iliyonse imene mwalowera. Nsomba zikamagwira polowera kumpoto kokha, osati pobwerera, vuto ndi limeneli.

Musayende mzere wowongoka. Khotani mokhotakhota ngati njoka, mofatsa. Pokhota, nyambo za kunja zimathamanga n'kukwera, zamkati zimachedwa n'kumira. Yakunja ikagwira, onjezani liwiro. Yamkati ikagwira, chepetsani. Kukhota mwaphuma kumasemphanitsa zingwe.

Nsomba ikagwira

Chinook wa makilogalamu 9 amatha kuthawa ndi mamita 100 a chingwe pa ulendo woyamba. Musiyeni. Buleki muikonze musanatchere, yoti chingwe chizituluka mukachikoka ndi dzanja mwamphamvu pang'ono, ndipo iye akuthamanga musaithinitse kapena kuika chala pa chingwe. Chingwe chikamachepa pa chokulungira buleki imalimba yokha, ndiye kuwonjezera pamenepo n'kudula. Woyendetsa achepetse liwiro koma asaimitse boti, chifukwa zingwe zinazo zimamira n'kukolana. Kwezani ndodo, kulungani mukuitsitsa, mobwerezabwereza. Akatembenuka n'kuthamangira ku boti, chingwe chimakhwefuka ngati waduka: kulungani mwachangu, nthawi zambiri amakhala akadalipo. Mnzanu akweze mpira wa downrigger wa mbali imeneyo, popeza waya wake umadula chingwe ngati lumo. Ukonde wotolera ulowe m'madzi kamodzi kokha, nsomba itagona chammbali, ndipo uyambire kumutu. Wogwira ukonde agwire thumba lake ndi dzanja kuti lisayandame n'kukola mbedza nsomba ili kunja.

Mu Julayi ndi Ogasiti tizilombo ta m'madzi totchedwa water flea timaunjikana pa chingwe ngati thonje lonyowa mpaka kutseka timabowo ta ndodo. Timamata kwambiri pa chingwe chopyapyala ndi choluka. Cha mapaundi 30 chosalala chimachepetsa vutoli, ndipo kumenya chingwe pamadzi kumatigwetsa.

Pambuyo pake

Dulani makha nsomba ikadali yamoyo, ikhetse magazi m'chidebe cha madzi kwa mphindi zisanu, kenako ikwirireni mu ayezi. Salmon wosiyidwa padzuwa amafewa msanga. Walleye mugwireni mosamala: zipsepse za pamsana zimabaya, chivundikiro cha makha chimacheka, ndipo m'kamwa muli mano. Pomusenda musataye timinofu ta m'masaya. Salmon wamkulu wa m'nyanjazi amasunga mankhwala oopsa otchedwa PCB m'mafuta ake, choncho chotsani khungu, mafuta a pamimba ndi mzere wakuda wa m'mbali, ndipo muotche pa waya kuti mafuta azidontha. Zimenezi sizichotsa mercury, amene amakhala mumnofu, ndiye amayi oyembekezera ndi ana atsate malangizo a kadyedwe amene chigawo chilichonse chimafalitsa.

Lembani m'kabuku tsiku, malo, kuya kwa madzi, kuya kwa nyambo, liwiro, kuzizira, mbali imene boti linkalowera ndi kumene mphepo inkachokera. Mukatulutsa boti, zulani chotsekera madzi, khuthulani mosungira nsomba, chotsani udzu wonse pa ngolo yokokera, ndipo liume masiku asanu lisanalowe m'nyanja ina. Ana a zebra mussel saoneka ndi maso, ndipo amayenda m'timadzi totsalira pansi pa boti.